Kangaude wa m'botolo la kachasu

Kangaude wa mwana wanga anafa mu Juni, nthawi imene kuzizira kwa ku Mzimba kumalowa mpaka m'mano. Ndinamupeza ndine m'mawa, nditasuzumira m'kabokosi kake kuseri kwa matumba a chimanga. Anali atapinda miyendo yonse pansi pa mimba. Ndisaname, chimene chinayamba kufika mumtima mwanga sichinali chisoni. Mtima unangokhala pansi, ndinati basi, chobisa chatha m'nyumba muno.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa kum'mwera kwa Mzimba, mudzi wina wa kuseri kwa Jenda, amene ankacheka matabwa ku nkhalango ya paini ya ku Viphya. Kangaudeyo anabwera naye ndi iyeyo, m'kabigiri konyamulira chakudya cha kuntchito, mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali wamkulu ngati chikhatho cha mwanayo, waubweya, wofiirira. Ine ndinathawira pa mpando nkuyamba kulalata, koma bambo ndi mwana anali atagwirizana kale. Bamboyo anakhoma kabokosi ka zigwagwa zotsala pocheka matabwa, naikapo galasi la windo losweka, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya mwanayo pochokera kusukulu inali yosaka ziwala ndi nkhululu. Ku nyumba za antchito kunali anthu a m'maboma onse, aliyense ndi misala yake, choncho ankangotiseka. Koma tikamapita kumudzi pa tchuthi, mwamuna wanga ankasiya bokosilo kwa mnzake, nkutichenjeza kuti kwawo nkhani imeneyi tisaitchule chifukwa sangaimve.

Mwamunayo anadwala masiku anayi okha. Anadandaula mutu, pakamwa panapotoka, tsiku lachinayi anatisiya m'chipatala. Titaika maliro abale ake anatumiza lole kudzatenga katundu wathu, ndipo mwanayo anabisa kabokosi kaja m'beseni, pansi pa zovala. Ndinaona, koma ndinalibe mphamvu zomulanda.

Mwambo wa kumeneko ndinkaudziwa, koma kuudziwa uli ndi mwamuna ndi kwina. Kwathu mwana ndi wa mayi ake ndi amalume ake. Kumeneko ng'ombe zikapita kwa makolo a mkazi, ana ndi a kuchimuna, ndipo zanga zinapita kalekale. Wamasiye amavala zakuda chaka chathunthu. Chikatha, banja limakhala pansi, kumuvula zakudazo, nkunena ngati akhale pamudzi kapena abwerere kwawo. Wobwerera amabwerera yekha. Ine mwana ndinali naye mmodzi yemweyo, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chaka chonsecho ndinayenda pamudzipo ngati ndasenza mazira. Mayi amene ku Viphya ndinkadziwika ndi pakamwa, kumeneko ndinkayankha kuti yewo, zikomo wa m'Chitumbuka, ngakhale pondinyoza. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna.

Amene ankandiyang'anitsitsa anali alamu anga, alongo ake aakulu a malemuyo, amene ukwati wawo unatha nkubwerera pakhomo. Apongozi aakazi anamwalira kale, choncho pamudzipo mayi anali iwowo. Sindinganene kuti anali oipa mtima. Mwamuna wangayo anamulera ndi iwo, kumubereka kumsana, ndipo masiku anayi aja sanakhutire nawo. Ankakonda kufunsa mphepo, ine ndili pafupi, kuti munthu wonyamula chipika yekha angagwe bwanji ndi mutu chabe.

Mwanayo atabwera kuchokera kusukulu tsiku lija ndinamuuza. Sanalire. Anagwada pa bokosilo nthawi yaitali, kenako anati tidikire kaye, chifukwa kangaudeyo anachitapo zotere pofundula khungu, ndipo bambo ake anamuletsa kumukhudza. Ndinamukumbutsa kuti pofundula ankagona chagada, osati chopinda miyendo. Iye anati tidikirebe. Tinadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu nyerere zinapeza njira, ndipo kafungo kanayamba kumveka.

Ndinati ndikamutaya kuchimbudzi anthu akapita kumunda. Apo ndi pamene analira, mosatulutsa mawu, atatseka pakamwa ndi manja awiri chifukwa nayenso anali ataphunzira kuti makoma a m'mudzimo amamva.

"Amayi, adadi munawakwirira ndisanawaone. Uyu ndiye musamutaye."

Zinali zoona. Tsiku la maliro anamutsekera m'nyumba ina ndi ana anzake, ndipo ine sindinamumenyere nkhondo. Ndinamufunsa kuti nanga chinthu chakufa tichisunga bwanji, ndipo yankho anali nalo kale. Kusukulu yake yakale aphunzitsi anali ndi kanjoka m'botolo la sipiriti, kamene kanakhala zaka osawola.

Mawa lake ndinakwera kabaza kupita ku Jenda, ndikunamizira kukagula mchere. Sipiriti ndinamupeza m'golosale yachiwiri, koma anali wamtundu uja wa pepo wotsukira mashini ometera. Nditafika naye kunyumba mwanayo anaviikamo nthenga ya nkhuku, nthengayo nkutuluka yosintha mtundu. Anapukusa mutu. Sankafuna kangaude wa pepo, ankafuna yemwe uja wa bambo ake. Ndikanakhala wanzeru ndikanaimira pomwepo. M'malo mwake ndinakumbukira kuti kutsidya kwa dambo kuli mayi wina wotcheza kachasu, ndi kuti wa mutu, woyamba kudontha uja, ndi woyera ngati madzi ndipo amayaka ukamuyandikiza ku moto.

Taganizani wamasiye wovala zakuda, wokhala kutsogolo m'tchalitchi, akuzemba m'mapesi masana dzuwa likuswa mtengo, kabotolo kali m'chitenje. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka, nati chisoni chimafunadi pothawira. Ndinamusiya aganize choncho. Ndinaona kuti kuli bwino andiyese chidakwa kusiyana ndi kuti adziwe zoona.

Ntchitoyo tinaigwira Loweruka, chitseko titatseka. Miyendo inali itauma, ndiye tinamuika pa sefa pamwamba pa madzi otentha kuti nthunzi imufewetse. Mwanayo anadula kathabwa kakang'ono ku bokosi lija, namugoneka pamenepo, nayamba kutambasula mwendo umodziumodzi ndi kamtengo ka machesi. Ine ndinkabaya masingano m'mbali mwa mwendo uliwonse kuti usabwerere. Mwendo umodzi unathyoka, ndipo anandiyang'ana ngati ndapha munthu. Tinaumangirira ndi ulusi. Ulusi umene unali m'nyumbamo unali wakuda wokhawokha, wosokera zovala zanga za maliro, ndipo tinakulunga womwewo pa mimba pake kuti asachoke pa thabwa.

Botolo linali la kukamwa kwakukulu, lija la chiponde. Titathira kachasu, kathabwako kanayandama nkutembenuka. Tinayesa kamwala, kanaterereka. Mwanayo anapita ku sutikesi nkubwera ndi chitsulo cha lamba wa bambo ake, chamkuwa, chimene anachisunga lambayo atatha. Tinachimangirira kunsi kwa thabwa, ndipo zonse zinamira bwinobwino. Kangaudeyo anaima m'kati mwa botolo miyendo ili tambasu, ubweya utadzuka, ngati akufuna kudumphira chiwala. Kunena zoona anakongola. Mwana wanga anaseka, koyamba chimwalirire bambo ake, ndipo ine ndinadziona ngati mayi weniweni. Poopa kuti kuwala kungamuwononge, ndinang'amba chidutswa cha mpango wanga wakuda nkukulunga botololo, kenako ndinalikankhira pamwamba pa khoma, pansi pa udzu wa denga. Bokosilo ndinasonkhezera moto.

Masingano, ulusi wakuda, nsalu yakuda, chitsulo cha munthu wakufa. Lero ndikamazitchula motsatana chonchi ndimadzifunsa kuti mutu wanga unali kuti. Koma tsiku limenelo chilichonse chinabwera pachokha, ndi chifukwa chake chomveka.

Tsiku londivula zakuda analiika mu Ogasiti. Chimene palibe anandiuza nchakuti dzulo lake amayi a kuchimuna amalowa m'nyumba ya wamasiye, kutulutsa katundu yense pabwalo, kusesa mpaka kudenga ndi kuzira pansi, kuti imfa ituluke. Kwathu sindinazionepo. Ndinali ku mjigo pamene anayamba, ndipo pobwera ndinapeza mphasa, masutikesi ndi mapoto zili panja, alamu anga ali pa mpando m'kati, tsache lalitali lili m'manja. Ndowa inali pamutu panga. Ndinaima pakhomo madzi akundidonthera kumaso, ndikuona tsachelo likuyenda pamwamba pa khoma, likuyandikira paja ndinabisa botolo. Ndinaganiza zogwetsa ndowayo kuti onse acheuke, koma manja anakana. Tsache linagunda galasi.

Alamu anga anatsika nalo botololo, nakhala pansi, namasula nsaluyo pang'onopang'ono amayi ena atatu ataunjirira. Mmodzi anathawira panja. Alamu anga sanakuwe. Anakweza botololo ku kuwala kwa pakhomo, nalizunguza, mpaka maso awo anafika pa chitsulo chija. Lambayo anamugulira mlongo wawo ndi iwo, pa ukwati wathu.

"Mulamu, nchivichi ichi?" anandifunsa motsitsa mawu. "Mlongo wanga munamuika mu botolo?"

Ndinatsegula pakamwa, koma anandiimitsa ndi dzanja. Anati ndisawauze iwo, ndikanene mawa pamaso pa bambo awo. Botololo anapita nalo.

Madzulo amenewo palibe anatipatsa moni. Ana amene ankasewera ndi mwana wanga anaitanidwa ndi amayi awo. Nkhani inali itafika kale kutsidya, ndipo inabwerako itanenepa: ena ankati chinthucho chimaphethira, ena ankati ndimachidyetsa magazi a nkhuku. Achimwene anga, amene ankayenera kudzandiimira, anaimba foni kuti basi yawafera panjira ndipo afika mochedwa. Mwanayo anandifunsa ngati amubwezera kangaude wake. Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa, kuti nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu, ngati kuti kachasuyo anakagula ndi iye.

Tinakhala m'mawa, pansi pa mtengo pafupi ndi khola la ng'ombe. Amuna anali pa mipando, amayi pansi chapatali, botolo lili pakati pa bwalo pa mbale yadothi, popanda woliyandikira. Apongozi anga aamuna anali munthu wofatsa, wamaso ofooka, amene chaka chonsecho ankanditumizira mkaka wa ng'ombe kudzera mwa mdzukulu wawo. Ndikanakhala nawo awiri ndikanawafotokozera zonse, ndipo ndikhulupirira akanamva. Koma mkamwana salankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Amagwada patali, atapotolokera kumbali, mawu ake nkudzera mwa munthu wina. Munthu amene ankanyamula mawu anga pamudzipo chifikire changa anali alamu anga omwewo.

Ndinayamba bwino. Ndinafotokoza za Viphya, za kabigiri, za bokosi la zigwagwa, ndikusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka. Ndinalankhula nthawi yaitali. Alamu anga anatembenukira kwa bambo awo nkunena mawu ochepa chabe: akuti chilombochi anali nacho kale mwamuna wawo ali moyo. Sananame. Koma ndinamva amuna aja akung'ung'udza, ndipo ndinazindikira kuti chilichonse chimene ndinganene chikafika kutsidyako chitasanduka china. Wina anafunsa kuti ngati chinali choweta cha malemu, bwanji iye sanachitchulepo kwa abale ake. Wina anafunsa amene anachionapo. Mboni zanga zonse zinali ku Viphya, ndipo ambiri anali atabalalika kale.

Apongozi anakweza dzanja. Anati iwo za kangaude wamoyo alibe nazo kanthu, ana amaweta zambiri. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi: anabaya masingano ndani, anamanga ulusi ndani, anaikamo chitsulo cha mwana wawo ndani. Ngati ndi manja a munthu wamkulu, munthuyo sangagonenso pamudzi pawo.

Ndinayang'ana pansi. Ndinaona msewu wa ku Jenda, basi ya ku Lilongwe, ine ndili pa windo ndekha. Ndinaona mwana wanga akutha msinkhu, akudwala, akukwatiwa, ine ndikumva kwa anthu. Mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo ngakhale m'chipatala muja.

"Ine sindinadziwe kanthu," ndinatero. "Ndi zamasewera za mwana. Botololi ndaliona dzulo, pamodzi ndi inu."

Mawu amenewo alamu anga anawanyamula onse, osasiyako ngakhale limodzi.

Anamuitana mwanayo. Anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anamva zonse. Anabwera nagwada pafupi ndi agogo ake, pakuti mdzukulu amaloledwa. Anamufunsa ngati amayi ake akunena zoona. Anatembenuka nandiyang'ana. Ine ndinayang'ana ng'ombe.

"Nadi, agogo," anatero m'Chitumbuka, akuvomereza kuti ine sindinadziwe. "Napanga ndekha. Amama ŵakamanya yayi."

Alamu anga sanakhutire. Anafunsa kuti mwana wa sukulu kachasu anamutenga kuti. Mayi wotcheza uja anali pomwepo pakati pa amayi. Mwanayo sanachedwe. Anati anaba kutsidya, mwini wake ali kumunda. Onse anacheukira kwa mayiyo. Iye anandiyang'ana ine kaye, nthawi yokwanira kuti ndidziwe kuti akudziwa, kenako anati nzoona, botolo lina linasowadi mu Juni. Sindinadziwe ngati anandichitira chifundo kapena ankangopewa milandu. Mwana wanga, amene sanatolepo ngakhale nzimbe ya munthu, anasanduka wakuba pamaso pa mudzi wonse, ine ndili chete.

Apongozi anamukoka pafupi namufunsa chifukwa chimene anachitira zimenezo. Anayankha kuti kangaudeyo anamupatsa ndi bambo ake, ndipo sankafuna kuti awole. Mkuluyo anapukuta m'maso ndi chala. Kenako anati wamva, mwana alibe mlandu, koma chinthucho chaopsa anthu ndipo sichingakhale. Mwanayo anapempha kuti amulole akachikwirire kumanda, pafupi ndi bambo ake. Ndinaona kuti mkuluyo watsala pang'ono kuvomera. Koma alamu anga anati ayi. Ngati mayi wake alibe nacho mbali, achiwononge yekha ndi manja ake anthu akuona, mbwenu mitima ikhale pansi.

Anasonkha moto wa zitsononkho pakati pa bwalo. Ndinayenda chogwada mpaka pa mbale ija. Chivindikiro tinachimanga kwambiri, ndipo ndinalimbana nacho nthawi yaitali, mpaka ndinachita kukulunga ndi chitenje. Fungo la kachasu linamveka bwalo lonse. Nditakhuthula, moto unalumpha wobiriwira mpaka unandiwaula nsidze, ndipo amayi ena anabwerera m'mbuyo akutchula dzina la Mulungu. Ubweya unapsa nthawi yomweyo. Miyendo imene tinaitambasula Loweruka lija inapindikanso umodziumodzi, kupatula uja tinaumanga ndi ulusi. Sindinayang'ane kumene kunali mwana wanga. Moto utazilala alamu anga anatokosa phulusa ndi kamtengo, natola chitsulo chija, nachimanga pa ngodya ya chitenje chawo.

Masana omwewo anandiperekeza kudambo, kundisambitsa, kundiveka chitenje chamaluwa. Apongozi ananena pamaso pa onse kuti mkamwana wawo akhala, nyumba ndi munda ndi zake, alere mwana wawo. Amayi analuluta. Achimwene anga anafika zonse zitatha, fumbi lili mbuu, nandiyamikira kuti ndadzisunga bwino kwa eni. Ndinali nditapambana, ndipo ndinadya nyama ya mbuzi tsiku limenelo.

Dzuwa lisanalowe ndinalowa m'nyumba kukabwezera katundu m'malo mwake, ndipo ndinapeza mwanayo akupinda mphasa yake. Mabuku ndi yunifolomu anali ataziika kale m'jumbo. Ndinamufunsa kumene akupita. Anati kwa ankhazi, kutanthauza alamu anga aja. Atsikana a msinkhu wake pamudzipo ankagona kumeneko, ndipo alamuwo anakhala akunena chaka chonse kuti mwana wamkulu chotere sagona ndi amayi ake. Nthawi zonse ankakana ndi iyeyo, mpaka kugwira chitseko. Tsopano panalibe womutuma.

Ndinafuna kumuuza kuti ndinachitira iye, kuti pakanapanda bodza lija bwenzi mawa lake ndili pa basi. Zinali zoona, ndipo ankazidziwa, nchifukwa chake anandinamira bwino chotero. Koma mpaka lero, iye ali mayi wa ana ake ku Mzimba boma, sitinaikambepo nkhaniyi. Anasenza mphasa nadutsa pabwalo. Amayi amene anali kutsuka mbale anamuyamikira kuti wakula.

Nditaona kuti waiwala bulangete, ndinalitenga nkumutsatira. Kuchokera pakhomo panga kufika pa alamu anga panali mapazi osakwana makumi anayi. Ndinamupeza pakhonde, ndinamuitana ndi dzina limene bambo ake ankamutchula, nkumupatsa. Anagwada pansi, nalandira ndi manja awiri, maso ali pansi, monga ankachitira ndi alendo a kutchalitchi.

"Yewo, amama," anatero.

Analowa, ndipo ankhazi ake anatseka chitseko chifukwa kunja kunkazizira.